Chikasu chinalumalitsa mwana wanga woyamba. Kodi amene ndikuyembekezerayu chimugwiranso?

Mayi wina amene ali ndi pakati pa miyezi 7 walemba kuti: "Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anabadwa bwinobwino ndipo anatitulutsa m'chipatala mawa lake. Tsiku lachitatu maso ake anayamba chikasu. Apongozi anati tizimuwothetsa dzuwa m'mawa, ndiponso ndisiye kaye kumuyamwitsa chifukwa mkaka wanga unali wachikasu, ati ndinkadya kwambiri mango ndi mapapaya ndili woyembekezera. Patapita masiku atatu anayamba kulira mokuwa uku akupinda msana. Kuchipatala anamuika pa magetsi abuluu masiku anayi. Pano ali ndi zaka 3, sayenda ndipo samva bwino. Kodi ndinalakwitsa ndine? Nanga amene ali m'mimbayu zimuchitikiranso?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mwadutsamo. Ndiyambe ndi funso loyambalo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi limene limakusowetsani tulo. Mango sanalakwe, mapapaya sanalakwe, ndipo mkaka wanu sunalakwe. Zipatso zimene mayi woyembekezera amadya sizipatsa khanda chikasu. Mkaka woyamba uja umakhala wachikasu komanso wolimba kwa mayi aliyense, kaya anadya mango kaya sanawaone n'komwe, ndipo monga muonera m'munsimu, ndi umene umathandiza kuchotsa chikasu m'thupi la mwana. Inu munali mayi wa mwana woyamba, munachita zimene akuluakulu anakuuzani, ndipo mutaona kuti zinthu zafika poipa munathamanga naye kuchipatala. Chimene chinasowa ndi munthu woti akuuzeni, tsiku lija mumatuluka, kuti maso achikasu pa khanda ndi nkhani yobwerera nayo kuchipatala tsiku lomwelo. Mlandu umenewo ife ogwira ntchito zachipatala tisamauzembe.

Funso lachiwiri yankho lake ndi lakuti inde, zikhoza kubwereranso. Mwana amene m'bale wake anadwala chikasu mpaka kuikidwa pa magetsi amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa ana ena. Koma chikasu kubwera ndi nkhani ina, kulumalitsa mwana ndi nkhani inanso. Choyambacho mwina sitingachiletse. Chachiwiricho chimapeweka pafupifupi nthawi zonse ngati mwana wapimidwa ndi kuthandizidwa pa nthawi yake.

Chikasu chimachokera m'magazi a mwana mwiniyo. Ali m'mimba, mwana sapuma ndi mapapo ake, mpweya amaulandira kuchokera kwa mayi, choncho amakhala ndi maselo ofiira a magazi ochuluka kwambiri kuti atole mpweya wokwanira. Akabadwa n'kuyamba kupuma yekha, maselo ambiri aja safunikanso ndipo amayamba kusweka. Ndiponso maselo a khanda sakhalitsa: a munthu wamkulu amatha masiku pafupifupi 120, a khanda masiku 70 mpaka 90 okha. Selo lililonse likasweka limasiya zinyalala zachikasu zimene kuchipatala timazitcha bilirubin. Ntchito yosefa zinyalalazi ndi ya chiwindi, chimene chimazitumiza m'matumbo pamodzi ndi ndulu kuti zituluke ndi chimbudzi. Tsono chiwindi cha mwana wa masiku awiri chimakhala chisanazolowere ntchito, popeza miyezi yonse ija amene ankasefa anali mayi. Zinyalala zikuchuluka, wosefa akuchedwa, zotsalazo zimalowa pakhungu ndi m'maso.

N'chifukwa chake chikasu n'chofala. Mwa ana 10 alionse obadwa masiku okwana, pafupifupi 6 amaonetsa chikasu m'sabata yoyamba, ndipo mwa obadwa masiku osakwana amafika 8. Ambiri a iwo chimayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako chimazilala chokha masabata awiri asanathe. Apongozi anu anaonapo ana ambiri otere akuchira popanda kanthu, ndiye sanalankhule ndi mtima woipa. Vuto ndi lakuti poyambirira chikasu chosaopsa ndi choopsa zimaoneka chimodzimodzi, ndipo ngakhale ife amene timaona makanda tsiku ndi tsiku maso amatinamiza, makamaka pa khungu lakuda ngati lathuli. Chimene chimasiyanitsa ndi muyezo wa bilirubin, poyerekeza ndi maola amene mwana wakhala chibadwire. Ndanena maola, osati masiku. Muyezo umene uli bwinobwino kwa mwana wa masiku anayi ungakhale woopsa kwa mwana wa maola 20.

Bilirubin ikachuluka mopyola imadutsa m'magazi n'kulowa mu ubongo, ndipo imakonda kukhazikika m'tizigawo timene timawongolera kuyenda kwa minofu ndi kumva. Zizindikiro zake zimabwera motsatana. Poyamba mwana amangogona, kumudzutsa kumavuta, bere amaligwira mofooka, thupi lili lendelende. Apa ambiri amati mwanayu ndi wofatsa, sakuvutitsa. Kenako amayamba kulira mokuwa ndi mawu osongoka, thupi limatentha, khosi ndi msana zimapindikira kumbuyo ngati uta, nthawi zina amakomoka. Zimene mwafotokoza za tsiku lachisanu ndi chimodzi lija zikufanana kwambiri ndi gawo lachiwirili. Magetsi abuluu anatsitsa bilirubin n'kupulumutsa moyo wake, koma pamene pavulala kale mu ubongo magetsi sangabwezeretse.

Tsopano chimene ndikufuna tichifufuze ndi ichi: n'chifukwa chiyani chikasu cha mwana wanu chinakwera chotero? Kusiya kuyamwitsa kunathandizira ndithu. Chimbudzi choyamba cha khanda, chakuda chomata chija, chimakhala chodzaza ndi bilirubin. Mkaka woyamba umachikankha kuti chituluke msanga. Mwana akapanda kuyamwa, chimbudzicho chimakhalitsa m'matumbo ndipo bilirubin imabwereranso m'magazi. Kuwonjezera apo mwana amauma m'thupi. Komabe kawirikawiri chikasu chikafika polumalitsa mwana wobadwa masiku okwana pamakhala chifukwa china chimene chikuswa magazi mwamsangamsanga, ndipo zina mwa zifukwazi zimabwerera pa mimba iliyonse.

Choyamba ndi kusagwirizana kwa magazi a mayi ndi a mwana. Mayi wa gulu la O akabereka mwana wa gulu la A kapena B, chitetezo cha m'thupi mwake chikhoza kudutsa kupita kwa mwana n'kumaswa maselo ake, ndipo izi zimatheka ngakhale pa mimba yoyamba. Kusagwirizana kwina, koopsa kuposa uku, n'kwa Rhesus, kachizindikiro ka pa maselo ofiira kamene ena ali nako (positive) ndipo ena alibe (negative). Mayi amene magazi ake ndi Rhesus negative akatenga mimba ya mwana wa Rhesus positive, mwana woyambayo nthawi zambiri amabadwa bwino, koma pobereka kapena popita padera timagazi ta mwana timalowa mwa mayi, thupi la mayi n'kuphunzira kulimbana nato. Ana otsatira ndi amene amavutika, ena mpaka kufera m'mimba atatupa. Anthu a Rhesus negative kwathu kuno ndi ochepa, safika 1 mwa 10, pamene kwa azungu ndi pafupifupi 15 mwa 100. Kuchepa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti tiziiwala kuyeza. Pali jekeseni yotchedwa anti-D imene mayi wotere amabayidwa pasanathe maola 72 chiberekere kapena chipitire padera, ndipo imateteza mimba zam'tsogolo. Tsegulani buku lanu la kusikelo lero lomwe muone ngati gulu la magazi anu linalembedwa. Ngati mulibe, pa sikelo yotsatira pemphani kuti akuyezeni, ndipo afotokozereni chifukwa chake.

Chachiwiri, chimene ndikuchiganizira kwambiri popeza mwana wanu ndi wamwamuna, ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa G6PD. Anthu ena maselo awo ofiira amaperewera mphamvu yodzitetezera, ndiye amasweka msanga akakumana ndi matenda, mankhwala ena, kapena fungo la zinthu zina. Vutoli limayenda m'magazi a banja kuchokera kwa mayi, limaonekera kwambiri mwa ana aamuna, ndipo ndi lofala m'madera a malungo monga kwathu kuno. Mayi amene ali nalo m'magazi, mwana wake wamwamuna aliyense ali ndi mwayi wa theka wolitenga. Munthu wotere amakula bwinobwino osadziwa kanthu, koma masiku oyamba a moyo ndi amene ali oopsa, chifukwa chikasu chake chimatha kukwera mwadzidzidzi tsiku lachinayi kapena lachisanu, mwana ali kale kunyumba.

Apa ndiime pang'ono pa chinthu chimene ambiri sachiganizira. Timipira toyera tonunkha tija timene timaika m'sutikesi kapena m'kabati pothamangitsa njenjete ndi mphemvu tili ndi mankhwala a naphthalene, ndipo kwa mwana wa G6PD fungo lake lokha, kapena kuvala malaya amene anasungidwa nato, n'zokwanira kuswa magazi ake. Amayi ambiri amasunga zovala za mwana woyamba mosamala, kudikira wotsatira, n'kuikamo timipirato kuti zisadyedwe. Ngati inunso munatero, tayani timipirato panopa, zovala, mashawelo ndi zitenje muzichape kangapo n'kuziyanika pamphepo masiku angapo mwana asanabadwe. M'chipinda cha khanda musamapezeke timipira timeneti ngakhale kamodzi. Chimodzimodzinso mankhwala azitsamba omwetsa khanda, ndi mankhwala ogula pagolosale: mwana asalandire kanthu kena kupatula bere ndi zimene achipatala apereka.

Zifukwa zina ndingozitchula mwachidule. Kubadwa masiku osakwana, kumene n'kofala m'dziko muno (lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse), kumachititsa kuti chiwindi chikhale chanthete kwambiri ndipo ubongo uvulale ndi muyezo wocheperapo. Chotupa cha magazi pamutu chobwera chifukwa cha kubereka movutikira chimawonjezera bilirubin pamene magaziwo akusungunuka. Matenda olowera pa mchombo, ndi chindoko chimene mayi sanalandire mankhwala ake, nazonso zimabweretsa chikasu choopsa. Choncho Fansidar wa kusikelo, kugona mu neti (popeza malungo amatha kuchititsa kuti mwana abadwe masiku osakwana), kuyezetsa chindoko pamodzi ndi bambo, kusapaka china chilichonse pa mchombo kupatula mankhwala a kuchipatala, zonsezi zikukhudza nkhani yomweyi.

Nanga dzuwa? Apa apongozi anu anali ndi kachigawo ka zoona. Kuwala kumaswadi bilirubin. Chithandizo cha magetsi chimene timagwiritsa ntchito lero chinayambira pa dzuwa lomwelo: mu 1956, pa chipatala cha Rochford ku England, namwino wina dzina lake Jean Ward ankakonda kutulutsa panja ana obadwa masiku osakwana, ndipo anaona kuti khungu limene lawombedwa ndi dzuwa lachepa chikasu pamene malo ophimbidwa ndi nsalu atsala achikasu. Madokotala a pamenepo anazifufuza n'kulemba zotsatira zake mu 1958. Kuwala kwabuluu kumasintha bilirubin imene ili pakhungu kuti isungunuke m'madzi ndi kutuluka mu mkodzo ndi chimbudzi popanda kudikira chiwindi. Koma kuti zitheke, mwana amayenera kukhala pansi pa kuwalako usana ndi usiku, ali ndi thewera lokha, maso ataphimbidwa, akungochotsedwa poyamwa. Mphindi khumi za dzuwa la m'mawa, mwana atakulungidwa m'shawelo nkhope yokha ili pamtunda, sizichotsa kanthu. Mukati mumuvule akhale nthawi yaitali, m'mawa wa mu June azizidwa, masana a mu October apsa khungu ndi kuuma m'thupi. Ku Lagos m'dziko la Nigeria anayesa kugwiritsa ntchito dzuwa, zotsatira zake zinatuluka mu 2015 ndipo zinali zabwino, koma anawo ankagona pansi pa denga la pulasitiki yapadera yosefa cheza chowotcha, kuchipatala, anamwino akuwayeza kutentha kwa thupi pafupipafupi ndiponso kuyeza magazi. Zimenezo si zofanana ndi kukhala naye pakhonde. Choopsa chachikulu cha dzuwa la kunyumba ndi chakuti limapatsa banja mtima woti tikuchitapo kanthu, masiku n'kumapita.

Ndiye konzekerani motere. Pa sikelo yotsatira uzani anamwino mawu awa: mwana wanga woyamba anadwala chikasu chachikulu, anaikidwa pa magetsi, ndipo analumala. Apempheni alembe zimenezi m'buku mwanu poonekera. Kambiranani nawo zoti mukachilire ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu, kumene kuli chipinda cha makanda odwala ndi magetsi abuluu, osati ku chipatala chaching'ono kumene mungafunike kudikira ambulansi. Ngati kwanu n'kutali, pitani mukadikirire komweko masiku akayandikira. Mukachira, mwana aikidwe pachifuwa panu ndi kuyamba kuyamwa mkati mwa ola loyamba, ndipo aziyamwa kosachepera ka 8 mpaka 12 usana ndi usiku. Akagona kupitirira maola atatu, mudzutseni. Musavomere kutuluka mwana asanaonedwe za chikasu, ndipo funsani ngati angayezedwe bilirubin, kaya ndi kachipangizo kogunditsa pachipumi kapena pachifuwa, kaya ndi kadontho ka magazi a kuchidendene. Kufunsa zotere si mwano. Ineyo mayi akandiuza mbiri ngati yanuyi ndimathokoza, chifukwa wandisonyeza mwana woti ndimuyang'anitsitse pakati pa ana ambiri.

Masiku amene ndimawaopa kwambiri ndi a m'chikuta. Mayi amatuluka m'chipatala patatha tsiku limodzi, chikasu chimafika pachimake tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndipo nthawi imeneyo mwana ali m'nyumba ya mdima, wakulungidwa nsalu zitatu, kudikira mchombo ugwe. Mwambowu sindikuunyoza, umasunga mwana pofunda ndiponso umamuteteza ku manja a anthu ambiri. Koma kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo kusanade, pitani naye pakhomo kapena pawindo pamene pali kuwala kwa masana, mumuvule. Nyali, kandulo kapena tochi ya foni zimabisa chikasu. Yang'anani koyera kwa maso ndi nkhama. Dinikizani chala pamphuno kapena pachipumi, muchotse, muone mtundu umene watsala. Teroninso pachifuwa, pamimba, pantchafu, mpaka m'manja ndi kumapazi. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika, ndipo pamene chatsikira kwambiri m'pamenenso chachuluka m'magazi.

Kwa mwana wina aliyense timati athamange naye ngati chikasu chaoneka tsiku loyamba lobadwa, ngati chafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena ngati mwana akuyamwa mofooka, akungogona, watentha kapena wazizira thupi. Kwa wanuyu ndikuti musadikire zonsezo. Chikasu chilichonse, ngakhale cha m'maso mokha, pitani tsiku lomwelo, usiku ukhale usiku. Ndipo ngakhale osaona kanthu, bwererani naye kuchipatala tsiku lachitatu kuti akamuone, kenakonso sabata ikatha. Ndalama ya kabaza kapena ya galimoto ya maulendo amenewa bambo ayiike padera panopa, isasakanikirane ndi ya zovala za mwana. Ngati kunyumba akuopa kuti mwana wosatuluka m'chikuta akumana ndi anthu panjira n'kutsemphedwa, mufunditseni bwino, mumunyamule nokha, koma ulendo usalephereke.

Kuchipatala akamuika pa magetsi, pitirizani kuyamwitsa. Ngati sakutha kuyamwa, finyani mkaka azimwetsedwa ndi kakapu kapena kudzera pa kachubu ka m'mphuno. Madzi a shuga sachotsa chikasu, amangodzaza mimba mwana n'kuchepetsa kuyamwa. Chimbudzi chikhoza kufewa ndi kubiriwira ali pa magetsipo, musadabwe, ndi bilirubin ikutuluka. Muyezo ukakwera kwambiri moti magetsi sangakwanitse, pamakhala chithandizo chosintha magazi a mwana pang'onopang'ono kudzera pa mtsempha wa pa mchombo, chimene chimachitika ku zipatala zazikulu. Mwana amene mwafika naye kuchipatala msanga kawirikawiri safika pamenepo.

Pali mtundu wina wa chikasu woti muudziwenso, wosakwera kwambiri koma wosatha. Chikapitirira masabata awiri, kapena atatu kwa wobadwa masiku osakwana, mwana ayenera kupimidwa. Nthawi zambiri chimakhala chosaopsa, chokhudzana ndi mkaka wa m'mawere, ndipo chimatha chokha popanda kusiya kuyamwitsa. Koma yang'anani thewera. Chimbudzi cha mwana woyamwa chimakhala chachikasu. Chikakhala chotuwa ngati dothi la makande owuma kapena choyera ngati phala la ufa woyera, mkodzo uli wodera wothimbiriritsa thewera, ndiye kuti njira ya ndulu ikhoza kukhala yotsekeka. Vuto limeneli limafuna opaleshoni, ndipo imayenda bwino ikachitika mwana asanakwane miyezi iwiri. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli chigawo cha opaleshoni za ana cha Mercy James chimene chinatsegulidwa mu 2017, ndipo achipatala cha m'boma lanu ndi amene angakutumizeni kumeneko.

Mnyamata wanu wa zaka 3 uja musamuiwale m'kati mwa kukonzekeraku. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti ana ovulala ndi chikasu kawirikawiri nzeru zawo zimakhala zili bwino. Chimene chavulala ndi kuwongolera minofu ndi kumva. Mwana amafuna kugwira kapu koma dzanja limapita kwina, amafuna kuyankha koma lilime silimumvera, ndiye anthu amangoti sazindikira kanthu, n'kumalankhula za iye ali pomwepo ngati palibe. Muzilankhula naye mukumuyang'ana kumaso, muzimusonyeza zinthu ndi manja, azikhala pamene anzake akusewera osati m'nyumba yekha. Pitani naye akamuyeze makutu: ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya zakumva, ndipo ku Lilongwe kuli ina ku African Bible College. Pa msinkhu wakewu chaka chilichonse chimene chikudutsa asanathandizidwe kumva chimamubweza m'mbuyo pa kulankhula. Funsaninso za mafizo ku chipatala cha m'boma lanu, akuphunzitseni kakhazikidwe, kadyetsedwe ndi masewera olimbitsa minofu oti muzichita naye kunyumba tsiku lililonse. Mukapita, tengani buku lake la kuchipatala la nthawi ija anagonekedwa, ndipo mufunse ngati angamuyeze gulu la magazi ndi G6PD, chifukwa zotsatira zakezo zitiuza zambiri za mng'ono wake amene akubwerayu.

Apongozi anu ndi amene adzakhale nanu m'chikuta, ndi amene adzasambitse mwana, ndiye ndi amenenso angayambe kuona maso ake akusintha. Mwina nawonso mumtima akudzimva olakwa chifukwa cha mdzukulu wawo, ngakhale sanena. Apempheni akuperekezeni ku sikelo yotsatira, anamwino awafotokozere okha pamaso panu, ndipo awasonyeze kadinikizidwe ka chala pamphuno ya khanda.